Amayi a Khomo Loyandikana Nalo ku Dwangwa

Nditakwatiwa, amuna anga ananditenga ku Chia n'kupita nane ku Dwangwa, komwe ankadula nzimbe. Matipate anali atangoyamba kumene. Mumzere wa nyumba zathu munali Atumbuka, Alomwe, Asena, Ayao ndi Atonga, ndipo tonse tinkatunga madzi pampopi umodzi. M'mawa moni ankabwera m'zilankhulo zosiyanasiyana, ine n'kumangoyankha kuti zikomo, anzanga n'kumaseka.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la amayi ena achikulire a ku Rumphi. Amuna awo ndi amuna anga anayambana chifukwa cha zipani, mpaka ine ndinaletsedwa kupondako.

Tsiku lina masana, azibambo onse ali kuntchito, matenda anandiyamba, pakuti ndinali woyembekezera. Ndinalephera ngakhale kukuwa. Amayi aja ataona zovala zanga zili m'beseni osayanika, anakankha chitseko.

"Mwana wane, wuka," anatero m'Chitumbuka. Kenako anati, "Zazipanizo asiyireni abambo. Tiye kuchipatala."

Anaitana mnzawo wa ku Nsanje, ndipo anandigwira uku ndi uku mpaka kumsewu. Mwana wanga wamkazi anabadwa tsiku lomwelo. Amuna anga anapita okha kukathokoza, nkhuku ili m'manja.

Ntchito itatha tinabwerera ku Chia, ndipo ndinamva kuti amayi aja nawonso anapita kwawo. Kuno tonse timalankhula chimodzimodzi. Koma ndikamva Chitumbuka m'minibasi, ndimatembenuka kuti ndione nkhope. Sindinawafunse n'komwe dzina la mudzi wawo.