Mbaula Yanu Yadya Tambala Wanga wa Chitengwa

Ndikufuna tambala wanga. Inu a kuofesi yoona za nyumba zatsopano, mwamva? Musandiuze za pepani, pepani sapoletsa chilonda. Ndikufuna tambala wofiira, wamoyo, wolira.

Abale anga, imvani mmene anandichitira anthu amenewa.

Ine ndine mkamwini. Chikwatirireni ndakhala kwawo kwa akazi anga a Nabanda, amayi a mwana wathu Tereza, kufupi ndi Chisepo, kulima munda wa apongozi, kufolera nkhokwe za eni, kutsokomola mopempha chilolezo. Ndatopa nazo. Fodya atandiyendera bwino ndinamanga nyumba kwathu cha ku Madisi, ya njerwa zootcha, malata pamwamba. Atsibweni a akazi anga, a Jeremiya, anavomera za chitengwa. Anati: "Loweruka ndidzaone nyumbayo, ndilandire nkhuku yanga monga mwa mwambo, basi mkaziyo mutenge."

Nkhukuyo ndinali nayo. Chitopa chinasesa makola onse m'dera lathu, koma tambala wanga anapulumuka yekha. Ndinkamusamala kuposa njinga.

Ndiye Lamulungu titatuluka Misa, tinamva kuti kwabwera lamulo. Akuti nyumba yatsopano osalowamo mpaka aione kuti ili ndi mbaula yosunga nkhuni ndi mawindo akuluakulu, kuti tisamawononge palafini masana. Kaya ndani amayatsa koloboyi dzuwa lili paliwombo, koma chabwino, matipate abwera ndi zambiri. Lamulolo ine sindidana nalo. Mapiri athu ameteka mpala, akazi anga amachoka mbandakucha kukafuna nkhuni. Mbaula yadothi ndinagula tsiku lomwelo.

Lolemba ndinafika paofesi seveni koloko. Chitseko chinatsegulidwa naini. Mayi wa pakauntala anali kusenda mtedza, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Anati oyendera nyumba, a Gwedeza, apita kumaliro. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati zimenezo ndikafunse malemuwo.

Lachitatu ndinawapeza a Gwedezawo akuothera dzuwa. Anati sangabwere chifukwa njinga yamoto ilibe mafuta. "Ofesi ino ndiyo iyenera kupereka chitsanzo posunga mafuta, bambo. Ngati mukufulumira, mudzanditenge Lachisanu pa njinga yanu yakapalasayo."

Lachisanu! Mawa lake atsibweni!

Ndinawatenga. Abale, munthu uja ndi thumba la feteleza lokhala ndi miyendo. Tafika pachitunda, ndikuti atsike tikankhe, akuti woyendera satsika ali pantchito ya boma. Ndinapalasa mpaka maso kuona nyenyezi, iwo kumbuyo akuimba likhweru. Kodi mafuta a m'miyendo mwangamu, lamulo lanulo siliwawerengera?

Titafika anayeza mawindo ndi mkono, n'kunena kuti kuwala kukulowa mokwanira. Mbaula anaigogoda ngati akugula mphika pamsika. Mtima wanga pansi, ndati zatha. Pamenepo tambala analira pakhonde pomwe ndinamumangirira. A Gwedeza anatembenuka pang'onopang'ono, n'kumeza malovu ine ndikumva.

"Mbaula sitivomereza ndi maso," anatero. "Imayesedwa ndi ndiwo."

Ndinati nkhwani ulipo. Anati nkhwani umapsa ngakhale pa kandulo. Ndinati nyemba zilipo. Anati nyemba zichedwa, ofesi imatseka folo koloko. Lamulo likufuna ndiwo zolimba, za mafupa.

"Achikulire," ndinawachonderera, "ameneyu ndi tambala wa chitengwa. Ukwati wanga uli pa mwendo wakewo."

"Ndiye sankhani, bambo. Popanda chidindo changa, mawa ndibwera kudzakhoma chitseko ichi atsibweni anuwo akuona."

Munthu ukanatani? Ndinaganiza kuti wina ndimupeza madzulo, ngakhale wobwereka. Ndinamupha tambala wanga misozi ili m'maso, sindikubisa.

Koma zodabwitsa zinali zisanayambe. A Gwedeza anati timugawe pakati, theka pa mbaula, theka pa mafuwa, kuti tione kusiyana kwake. Pa mbaulapo panalowa tinkhuni tochepa, zoona, mbaulayo ilibe mlandu. Koma pa mafuwa ankasonkhezera okha. Akuti aonetse poyera mmene anthu osaphunzira amawonongera mitengo. Mulu wonse wa nkhuni umene ndinawazira akazi anga kuti adzayambire moyo watsopano unathera pachionetsero chimenecho. Oonerera ndinali ine ndekha.

Kenako kulawa. Chiuno cha pa mbaula, chiuno cha pa mafuwa. Mwendo wa uku, mwendo wa uko. Nthutumba, imene kwathu kuno amadya mwini nyumba, anaiponya m'kamwa osandiyang'ana, akuti ndi mmene mumabisala umboni ngati moto unalowa mpaka m'kati. Ine anandipatsa khosi kuti ndikhale mboni. Zotsala anakulunga m'pepala, akuti abwana akaone zotsatira.

Atasamba m'manja ndinati, chidindo chija? Anasisita matumba onse.

"Aa, chatsala kuofesi. Mundiperekeze."

Pobwerera anali atalemera kuposa poyamba, ndipo kulemera kowonjezerako kunali tambala wanga. Ndinamunyamula ndekha pakaliyala, ali m'mimba mwa munthu. Paofesi mayi uja anatsegula kaphukusi, n'kuyamikira kuti mbaula zimenezi n'zabwinodi. Anandidindira pepala ndi zala za mafuta. Mpaka lero pepalalo likununkhira tambala wanga, agalu amanditsata ndikaliika m'thumba.

Madzulo ndinazungulira midzi yonse yoyandikana nafe. Nkhuku? Anthu ankandiseka. Chitopa sichinasiye ngakhale nthenga. Chimene ndinapeza ndi bakha wokalamba wa mnansi wanga, wotsimphina.

Loweruka a Jeremiya anafika atavala jekete. Kumbuyo kwawo a Nabanda, katundu atamanga kale m'chitenje, nkhope ikuwala. Anazungulira nyumba, anayamikira malata, anakhala pampando n'kuyala manja. Ndinagwada, n'kuwapatsa pepala la chidindo, ndikufotokoza zonse. Analiyang'ana uku ndi uku, n'kulinunkhiza.

"Akamwini, ichi chimalira m'mawa?"

Ndinatulutsa bakha uja. Bakha anawayang'ana, iwo anayang'ana bakha.

"Mbumba yanga sipita ndi bakha," anatero, akudzuka. "Mukadzapeza nkhuku mudzandiitane. Koma mwezi wa mawa ndikupita kukagwira ntchito ku esiteti, kubwera n'pokolola."

A Nabanda sanalire, sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anasisita mbaula ija kamodzi, n'kusenzanso katundu wawo.

"Tiyeni, abambo a Tereza. Amayi akuti khola la mbuzi likudontha."

Ndikulemba izi ndili kuchikamwini, udzu wofolera uli m'tsitsi, mtima ukuwawa.

Tsono a kuofesi, ndiyankheni. Ndi tsamba liti la lamulo limene limatchula nthutumba? Amene alibe nkhuku, mbaula yake mumaiyesa ndi chiyani? Nanga akanakhala kuti pakhonde panali ng'ombe? Ndipo inu amene mukumanga nyumba kuyambira Dzoole mpaka ku Ntchisi, ndakuchenjezani: tsiku loyendera, chilichonse cha nthenga kachisungitseni kwa apongozi, pakhomo pasiyeni nkhwani wokhawokha.

Mbiri ndamva kuti nyumba yanga mukuitchula pamisonkhano, akuti ndiyo chitsanzo cha kusunga nkhuni m'dera lonse. Musanamize anthu, auzeni chifukwa chake. Chichokereni a Gwedeza, simunayakemo moto, poti wophikamo mulibe.