Dontho la Inki pa Lole ya ku Magomero

Funso limene ndinanyamuka nalo ku Kadewere linali ili: kodi mpweya ukafunda, koma kuupanikiza kusanasinthe, umafufuma motani? Ndinafuna kukaonetsa zimenezi aphunzitsi anzanga ku Magomero. Ndinatenga botolo lotseka ndi phula, lokhala ndi kapaipi kagalasi kopingasa ka mizere khumi, ndi dontho la inki m'kati mwake. Popeza kapaipiko nkotseguka kunsonga, mpweya wam'botolo ukafufuma umangokankha dontholo mpaka ulingane mphamvu ndi wakunja.

Lole ya fodya inandinyamula m'mamawa pa shilingi imodzi, dontho lili pa mzere wachinayi. Pamatumba panali a Matiyasi, mlimi amene anali atangobwera kuchokera ku misika ya fodya ku Limbe, ndi akazi awo, amake Rozina, amene sankawayang'ana.

"Aphunzitsi, kamankhwala kanuko kamaona chiyani?" anafunsa mayiwo.

Ndinayankha kuti kamaona kutentha. Apa ndi pamene ndinalakwa.

"Abambo a Rozina, kagwireni. Tione ngati ku Limbe munkagonadi pakhonde pa sitolo."

A Matiyasi anafumbata botolo ndi manja awiri, dontho nkukwawa mpaka pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Mayiwo anaomba m'manja kamodzi.

"Basi! Tikatsika, mukatenge bulangeti lanu kwathu."

Ndinafotokoza mwadongosolo kuti dzanja la munthu aliyense wamoyo ndi lofunda, ndipo ndinapempha mayiwo kuti ayese. Sindinaganizire kuti anali atafumbata mbatata yootcha chinyamukire. Dontho linafika pachisanu ndi chinayi.

"Ehee! Ine ku Limbe, inu kuno ndi ndani?" anakuwa a Matiyasi.

Motero umboni wanga, m'malo mopulumutsa mmodzi, unamiza onse awiri.

Dzuwa litakwera, lole inaima pakamtsinje kuti dalaivala athire madzi m'injini, imene inkalira ngati ketulo. Ndinalingalira kuti ngati kufunda kumafufumitsa mpweya, kuzizira kuyenera kuubweza. Ndinapempha a Matiyasi ndi akazi awo kuti aviike manja m'madzi mpaka zala zitachita dzanzi, kenaka agwire botolo pamodzi. Dontho linabwerera pang'onopang'ono, nkudutsa pamene linayambira.

"Latsika," ananong'ona a Matiyasi.

"Ndiye kuti mwayera," anatero akazi awo. "Koma ku Limbe musadzapitenso nokha." Anabenthula mbatata nkuwapatsa mbali yaikulu.

Tinafika ku Magomero masana, fumbi lili m'makutu. Ndinaphunzira kuti lamulo la mpweya silisintha, koma anthu amalifunsa mafunso awoawo. Ziwerengero zinaima motere: mwamuna yekha, mizere isanu ndi iwiri; mkazi ndi mbatata, isanu ndi inayi; onse awiri atachoka kumadzi, iwiri; banja lopulumuka, limodzi; omvetsa chifukwa chake, palibe.