Gombe la Kumanda kwa Mayi

Kamtsinje ka kuseri kwa bairo lathu, dera lomwe timakhala ku Mandimba, ndinkakadumpha ndili ndi ndowa pamutu. Lero ndi chigwembe, munthu wamtali akalowamo saoneka. Tauni inakula, malata anadzaza mtunda wonse, oumba njerwa n'kumakumba magombe, madzi a mumsewu wa ku Cuamba nawonso anawalozetsa kwa ife. Mvula ikagwa gombe limagumuka, ndipo pamwamba pa gombelo pali manda. Mayi anga agona kumapeto kwenikweni.

Kwathu kwa Asilamu akazi sitilowa kumanda. Ndiye ashehe atalengeza kumzikiti kuti mtsinje ukonzedwe, ntchito anaigawa motero: amuna pamwamba, akazi pansi mumtsinje.

Amunawo, ha! Anaunjika matumba amchenga m'mphepete mwenimweni mwa gombe, akuti akutchinjiriza manda. Ndinakuwira achimwene anga, omwe anali nawo pamwambapo, ndili pansi: "Achimwene, madzi akudya kunsi kuno, inu mukungolemetsa gombe!"

"Mlongo, za kumanda zisiyeni," anayankha osacheuka n'komwe.

Ndinapsa mtima, koma ndikanatani? Ndinabwerera kwa anzanga. Ife tinkakhoma nsungwi modutsa mtsinje, kulukamo nthambi, n'kuunjika miyala kumbuyo kwake kuti matope azitsalira. M'magombe tinadzalamo bango ndi nsenjere, manja ali matuza okhaokha.

Mvula yoyamba itagwa ndinalawirira ndekha kukaona mipanda yathu. Inali itagwira, matope ali tho. Koma gombe la kumanda linali litatsika pamodzi ndi matumba ake. M'dothi lofiira munatulukira nsonga za mitengo, ija amayala pamwamba pa mtembo asanakwirire. Manda akumapeto ndi amodzi okha, sindinafunikire kufunsa munthu.

Ndinalira, sindibisa, kulira kokweza ngati kamwana. Sindinaitane mwamuna aliyense. Ndinamasula chitenje chapamwamba n'kuphimba mitengoyo, kenako ndinayamba kutapa matope pampanda wathu ndi manja, kumata, kutapanso. Matope ankangotsetsereka, ine osaleka.

Achimwene anandipeza ndili matope mpaka m'zigongono. Anaima pamwamba pa gombe. Ndinadikira kuti andithamangitse, mawu owabwezera ndili nawo kale kukamwa. Iwo anavula nsapato, n'kutsika, n'kugwada pambali panga.

"Mlongo, inu muzitapa," anatero, "ine ndizitsendera."