Dzina la Achemwali pa Mndandanda

Kompyuta inafika ku chipatala cha mishoni kwathu ku Dowa tidakayendabe ndi khadi la chipani m'thumba. Ine ndinali kalaliki. Amene anadzaiika anali bambo wina wa ku Lilongwe, wofatsa mpaka kutopetsa, ndipo ndiye analemba malamulo oti makinawo azitsatira, nalowetsamo mbiri za odwala zochokera m'mabuku akale a chipatalacho.

"Mukadina kamodzi pa kachipangizo aka kotchedwa mausi, mwasankha dzina," anatero. "Kawiri mwamsanga, mwatsegula mbiri yake."

Mayina a odwala ankatsetsereka pagalasi ngati mizere ya m'munda wa fodya, ine n'kumaiwala kuti ndili pantchito. M'mawa chifunga chinkatsika m'mapiri a Ntchisi, kamuvi koyera kolozera pagalasipo n'kumayandama pamayinawo mwakachetechete.

Kenaka asisitere oyang'anira ofesi anati amene anamwalira achotsedwe pamndandanda. Kwathu manda sitiloza ndi chala, ndiye ine ndiloze akufa ndi kamuvi? Komanso pakati pawo panali dzina la achemwali anga, amene anatisiya m'chipatala momwemo ine ndili ku Lilongwe kuphunzira kutaipa. Chithunzi chawo tinalibe. Dzina lokhalo ndilo linatsala.

"Abambo," ndinatero kwa mlendo uja, "ndikadina, apita kuti?"

"Kulibe kumene apita, mayi. Angofufutika."

"Ndiye dinani nokha."

Anakhala pansi, nagogodagogoda mabatani mpaka dzuwa kupendeka. Atamaliza, dzina la womwalira silinkachokanso. Linkangotuwa n'kukhala pamalo pake. Asisitere anang'ung'udza pang'ono, koma anazisiya.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkadina kamodzi padzina la achemwali, mzere wonse n'kusanduka wobiriwira ngati thambo la mwezi wa June. Unali moni wanga. Kawiri sindinkayesa, ndinkaopa.

Tsiku lina chala chinandithawa, chinadina kawiri chokha. Mbiri inatseguka. Panali mudzi wathu, matenda awo, tsiku limene anagonekedwa, ndi limene anatseka maso. Pansi penipeni panali malo olembapo womudikirira wodwala, amene amamuphikira phala ndi kumutembenuza pabedi.

Malowo anali opanda kanthu. Kamzere kakuda kankangophethira pamenepo, kudikira kuti wina alembe. Ndinalira, ndipo manyazi ake ndikadali nawo. Kutaipa ndinkakudziwa bwino, koma dzina langa sindinalembepo.