Dipuloma Yanga ya M'pulasitiki

Tsiku limene ndinalandira dipuloma ya zamakompyuta ku koleji ya m'dera lathu, amayi anandilanda pepalalo ndisanamalize n'komwe kuwerenga dzina langa. Anapita nalo pasitolo ya fotokope kukalimatitsa pulasitiki. Kwathu timatero. Chiswe chinadyapo kale satifiketi ya ukwati wawo, ndipo mpaka lero amati n'chifukwa chake bambo anachoka. Choncho anauza mwini sitolo kuti amate kawiri. Sindikunama ayi, pepala lija linatuluka lolimba moti munthu akanatha kupalirapo nsomba.

Ndinabwera nalo kuno ku Dubai lili pansi pa chikwama. Viza yanga inalembedwa kuti mlonda, ndipo mlonda ndinakhaladi: maola khumi ndi awiri pakhomo la nyumba ya maofesi, kenako basi ya kampani kutibweza ku Sonapur, komwe timagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda, woyetsemula amapepesa anthu asanu. Zaka ziwiri ndinaphunzira kulumikiza makompyuta. Kuno ntchito yanga ndi kulondera chitseko chagalasi chimene chimatseguka chokha.

Mwayi unadzera pa pirinta. Ofesi ya pansanjika yachinayi inali itathawidwa ndi munthu wawo wa makompyuta, ndipo ndinapeza mlembi wawo akumenya makinawo ngati akupuntha nyemba. Ndinapempha kuti ndione. Mphindi zitatu, mapepala anayamba kutuluka, mpaka makalata a chaka chatha. Kuyambira pamenepo foni ya pakhomo inkangolira: "Yalla, Malawi, kwera kuno!" Dzina langa sankalidziwa, ankangoitana dziko lonse.

Tsiku lina bwana wa ofesiyo anandiimitsa pachikepe, akunditcha habibi, ndiye kuti wokondedwa m'Chiarabu.

"Habibi, tikufuna munthu wa makompyuta. Malipiro kuchulukitsa katatu, chipinda cha anthu awiri. Bweretsa dipuloma yodindidwa mwezi usanathe, tikusinthire viza."

Kuno pepala la sukulu salikhulupirira ngati kumbuyo kwake kulibe zidindo, za kwanu ndi za konkuno. Tsiku langa lopuma ndinapita ku Karama, ku kaofesi kamene kamayendetsera anthu mapepala otere. Mmwenye wa pakauntala anatenga dipuloma yanga n'kuigogoda patebulo. Ndikulumbira, mnzake kuseri anayankha kuti "Lowani."

"Ichi n'chiyani, bhai? Thireyi? Chidindo sichigwira papulasitiki. Kachotse ubwerenso."

Amene amagona bedi la pamwamba panga ndi mkulu wina wa ku Chipata, wokolopa m'hotela. Atamva nkhaniyi sanadzuke n'komwe.

"Mudala, iyo ni nkhani ing'ono. Simbi chabe na thaulo. Nachosapo zambiri ine."

"Zingati, achimwene?"

"Iyi izankhala yoyamba kuchosa na manja anga. Koma naonapo pafoni."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma masiku a bwana aja anali akutha, ndipo ndinali nditayamba kale kulota chipinda cha anthu awiri. Masana a Lamlungu tinayala thaulo pabedi, dipuloma pansi pake, simbi ya mayunifolomu pamwamba. Iye anasita mwaulemu ngati akusita mkanjo wa abusa. Kenako ndinagwira ngodya n'kuyamba kusenda pang'onopang'ono.

Pulasitiki inachoka bwinobwino, osang'ambika. Inki nayo inachoka bwinobwino. Kumanzere ndinatsala ndi pepala loyera mbee, kumanja pulasitiki yonyamula dzina langa, dzina la koleji, ndi siginecha ya aphunzitsi aakulu. Zaka ziwiri za maphunziro zinasamuka ndikuona ndi maso angawa.

Mkulu uja anaikweza pawindo n'kuiyang'anitsitsa.

"Zonse zilipo, mudala. Palibe chasoba. Zapatukana chabe, monga ukwati."

Ndinaimbira kukoleji. Anati ina akhoza kundilembera, koma ndikaonekere ndekha ndi chitupa. Tchuthi changa chidzabwera kontilakiti ikadzatha, miyezi khumi ndi inayi kutsogoloku. Kuchoka nthawi isanakwane ndiko kusiya ntchito, ndipo viza imafera pomwepo. Kuti ndipeze ntchito ndiyenera kupita kwathu. Ndikapita kwathu sindibwereranso kuntchitoyo. Ndinafotokozera bwana zonsezi nditanyamula zidutswa ziwiri zija. Anandisisita paphewa nati, "Inshallah." Amene wakhalitsa kuno amadziwa kuti mawu amenewo akanenedwa chotero, nkhani yatha.

Bwana analemba ntchito munthu wina wa zidindo zokwanira. Ndi munthu wabwino. Pirinta ikavuta amatsika yekha kudzandinong'oneza kuti ndikwere, ndipo amandigulira tiyi wamkaka. Umenewo ndiwo mtengo wa dipuloma yanga panopa: kapu imodzi pa sabata, nthawi zina ndi bisiketi.

Amayi ndinawauza zoona, pafoni, patapita mwezi.

"Mwaona tsono? Likanakhala lomata katatu simukanalisenda. Latsopanolo mudzandipatse ine."

Zidutswa ziwiri zija zili pansi pa matiresi, m'envulopu imodzi, mwina zidzagwirizana. Ine ndikadali pakhomo paja. Ndikasendera pafupi, chitseko chimanditsegukira ngati bwana, mphepo yotentha ya panja n'kundimenya kumaso. Ndimabwerera phazi limodzi m'mbuyo, icho n'kutsekeka.