Chikasu cha Aluya

Mwana wanga woyamba ndinabereka m'zaka zimene sukulu za pulayimale zinali zitangokhala zaulere. Amuna anga anali m'gulu la aphunzitsi amene analembedwa mwachangu nthawi imeneyo, ndipo tinapatsidwa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa sukulu, pa kamsika kena ka mbali ya ku Namitete, kutali ndi msewu wa tala. Zenera la kuchipinda linali lotseka ndi katoni chifukwa galasi linasweka ife tisanabwere. Ngakhale masana, munthu ukafuna kupeza singano m'chipindamo unkachita kufufuza ndi manja.

Pathupi paja panandizunza. Mayi anga anali atamwalira chaka chomwecho, chakudya sichinkalowa, ndipo ndinkangopezeka ndikulira ndili pa mtondo popanda wondiputa. Amene anaziona ndi mayi wa pagolosale yoyang'anana ndi sukulu, Msilamu wa kumwera, wamkulu kwa ine pang'ono, wa pakamwa posapuma. Iwo ankanditchula kuti mayi aphunzitsi ngakhale choko sindinachigwirepo, ine ndinkati achemwali. Ndikapita kukagula sopo ankandiseka kuti ndawonda chonse kupatula mimba, ndiye mwanayo adzabadwa n'kumandibereka ine kumsana.

Miyezi itapita, tsiku lina anandikokera kuseri kwa golosale, n'kuwiritsa mkaka, n'kutulutsa kabotolo kakang'ono kokulunga m'mpango. M'katimo munali timaulusi tofiira tonga ndevu za chimanga zouma. Anatsinako pang'ono kwambiri, moti ndinaganiza kuti ndi umbombo, n'kuponya mu mkaka muja. Pang'ono ndi pang'ono mkaka unasanduka wachikasu, ndipo unatulutsa kafungo ka uchi kosakanikirana ndi udzu wouma. Anati dzina lake ndi zafarani, timaulusito amatithothola m'kati mwa duwa, ndipo anawabweretsera ndi amalume a amuna awo pochokera ku ulendo wa chipembedzo. Kwawo amathira mu mpunga pa chikondwerero, komanso amapatsa munthu amene mtima wake walemera, wosowa tulo, kapena mayi amene m'mimba mukumupota ali kumwezi. Anandichenjeza kuti wapakati sachulutsa, ndipo miyezi yoyambirira salawa n'komwe. Kuyambira pamenepo ankandiitana mwa apo ndi apo kukamwa kapu imodzi. Kaya unali mkakawo, kaya kunali kuseka kwa kuseri kwa golosale kuja, ine sindidziwa, koma ndinayamba kudya ndi kugona.

Masiku anga atayandikira, sukulu inatsekera ndipo amuna anga anaitanidwa ku maphunziro a aphunzitsi, kutali, kopanda njira yowatumira mawu mwamsanga. Anakatenga mayi awo kumudzi kuti adzandiyang'anire. Apongozi angawo ndisawanamizire, anali munthu wa manja abwino. Ankadzuka ine ndili mtulo, madzi n'kutunga, phala n'kuphika, Lachinayi n'kuvala zoyera kupita ku mapemphero a amayi. Vuto lawo linali limodzi: chinthu akachimva kamodzi, chalowa basi, ngakhale abusa sakanachitulutsa.

Anandipeza tsiku lina pakhonde ndikumwa mkaka uja, achemwali atanditumizira m'kapu yovundikira. Anasuzumira m'kapumo n'kufunsa kuti mkaka wanji wooneka chonchi. Ndinawauza dzina lake, koma lilime lawo linakana, anayesa kawiri n'kusiya. Pofuna kuwapeputsira ndinati ndi chikasu cha Aluya. Chikasu ankachidziwa bwino, muzu uja amakumba n'kusinja, umene kwawo ankanyikamo mlaza wolukira mikeka kuti ukhale wa mtundu. Anangoyang'ana kapu, n'kuyang'ana mimba yanga, n'kupita kukasesa.

Ndinachira bwinobwino ku kachipatala kathu kakang'ono, mwana wamkazi, ndipo anatitulutsa tonse tili bwino. Kufika kunyumba, apongozi anatilowetsa m'chikuta. Kwa amene sakudziwa, ndiye kuti mayi ndi khanda amakhala m'chipinda osatuluka mpaka mchombo utagwa, ndipo si aliyense amene amalowamo, poopa kuti wina wotentha angamutsemphe mwana. Ine ndinakulira mu mwambo womwewo ndipo sindinaone cholakwika. Apongozi anayala mphasa yawo pakhomo pa chipindacho, ndipo amayi a kumpingo obwera ndi ufa ndi nkhuni ankathera pabalaza.

Poyamba mwana ankayamwa mwamphamvu mpaka ine kuluma mano. Kenaka anayamba ulesi. Ndikamuika kubere ankangoyamwa pang'ono n'kugona, ndikamutsina kuphazi ankatsegula maso n'kutsekanso. Apongozi anati ndithokoze Mulungu, mwana wofatsa ndi mphatso, bambo ake anali wolira mudzi wonse osagona. Ine mtima sunakhazikike. Mabere anadzaza mpaka kuwawa, ndipo mwana akati alire, kanali kamawu kosongoka kamene kankandilasa m'mutu. Ndinkamuyang'anitsitsa, koma mu mdima wa katoni uja mwana aliyense amaoneka chimodzimodzi.

Achemwali anabwera m'mawa wina ndi mbale ya mpunga. Apongozi anawalandira bwino n'kuwauza kuti mwana adzamuona akatuluka. Iwo, pokhala a pakamwa, anayamba kundifunsa mokweza ali pabalaza pomwepo kuti mlendo akuyamwa bwanji. Nditawauza, nthabwala zinatha. Anati salowa ndipo samugwira, koma anapempha kuti ndingomufikitsa pakhomo pa chipinda pamene kuwala kwa pabalaza kumafika. Apongozi asanayankhe, ine ndinali nditaimirira kale.

Pakhomo paja ndi pamene ndinamuona mwana wanga koyamba bwinobwino chibwerere kuchipatala. Nkhope, chifuwa, mpaka zikhatho, zonse zinali zachikasu. Achemwali anati ndimutsegule diso. Poyera pa diso panali ngati yolki ya dzira.

"Mayi aphunzitsi, ichi ndi chikasu," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu apite ku chipatala cha mishoni lero lomwe, osati mawa."

Apongozi anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva, amake mwana? Avomera okha. Ndi chikasu chawo chija munkamwa."

Achemwali anayesa kufotokoza kuti akunena matenda, osati za m'kabotolo, kuti mng'ono wawo anataya khanda ndi matenda omwewa pamene zafarani sanamulaweko n'kamodzi komwe. Koma kwa apongozi nkhani inali itatha. Ndinamwa chikasu, mwana wabadwa wachikasu, mwini chikasu wavomera. Ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti sanakwiye, anamasuka. Anati ngati ndi utoto chabe palibe chodetsa nkhawa, mlaza wonyika m'chikasu umasuluka wokha ukakhalitsa. Timusambitse kawiri pa tsiku, tidikire mchombo ugwe, zisuluka. Kenaka apongozi anauza achemwali mwaulemu kuti zikomo chifukwa cha mpunga, koma m'nyumba muno asadzabwerenso ndi zakumwa zawo.

Achemwali potuluka anaima pa zenera la katoni lija n'kunena ngati akulankhula ndi nkhuku kuti galimoto ya amuna awo inyamuka dzuwa likafika pamutu kukatenga katundu, ndipo idutsa ku mishoni.

Ndinakhala pa mphasa mwana ali pamiyendo. Ndinkaopa mbali zonse. Mawu a apongozi sanali opusa m'makutu mwanga, chifukwa mtundu wa m'diso la mwana unali womwewo wa mkaka uja, ndipo ndinkadzifunsa ngati ndamupaka ndekha mwana wanga ali m'mimba. Kumutulutsa mchombo usanagwe, kumukweza galimoto yodzaza anthu osadziwika kumene agona, ndinkaopanso, chifukwa ndinakula ndikumva za ana otupa ndi tsempho. Koma ndinamuikanso kubere, mkaka n'kumutsikira patsaya, iye osatseka n'kamwa komwe. Ndinamuitana, ndinamuuzira mpweya kumaso. Anangotukula kadzanja n'kukagwetsa.

Ndinamukulunga m'zitenje ziwiri n'kutuluka. Apongozi anali pakhomo, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiime iwo atakhala pansi, osagwada.

"Mukamutulutsa mwanayu, chimene chichitike ndi chanu," anatero. "Mwana wanga akabwera mudzamuuza nokha."

"Ndidzawauza, amayi. Ndipatseni njira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapinda miyendo ine n'kudutsa. Ndisanafike pa golosale ndinamva mapazi kumbuyo. Anali iwo, atasenza beseni, matewera ndi fulasiki ya phala, nkhope ili gwa. Panjira yonse anakhala kumbuyo kwa galimoto atatambasula chitenje chawo kuti mphepo ndi maso a anthu zisafike pa mwana. Ine ndinali nditalowetsa chala m'zitenje, pa chifuwa chake, kuti ndizimva ngati akupuma. Galimoto ikagwa m'dzenje ndinkataya kugunda kwa mtima wake, ndipo mpaka nditakupezanso ndinkakhala ngati ndafa ndine.

Ku mishoni namwino atangovundukula nkhope ya mwana sanatiuze zoima pa mzere. Anamutenga magazi ku chidendene, n'kutiuza kuti mwana ali ndi chikasu ndipo chakwera kwambiri. Apongozi anagwedeza mutu mokhutira n'kunena kuti iwo ananena kale, mayi ake ankamwa chimenecho. Namwino anandifunsa kuti ndinkamwa chiyani, ndipo nditafotokoza ndi manyazi, anapukusa mutu. Anati chikasu cha makanda sichichokera m'kapu. Chimachokera m'magazi a mwana mwini, pamene chiwindi chake chikadali chanthete, ndipo ana ambiri chimawagwira pang'ono n'kutha, koma chikakwera chonchi chimatha kufika ku ubongo, mwana n'kulumala kapena kupita. Ine ndinamva zonse. Apongozi anamva liwu limodzi lija basi.

Namwino anamuvula mwana zonse, anamumanga kansalu m'maso, n'kumugoneka m'kabokosi pansi pa nyale ya buluu. Khanda limene kwathu ngakhale dzuwa silinkaloledwa kuliona linali gone pambalambanda, kachingwe ka mchombo kali panja, anthu akudutsa. Apongozi anatembenukira kukhoma. Ine namwino anandiuza kuti ndizifinyira mkaka m'kapu n'kumamumwetsa pang'onopang'ono. Ndinafunsa namwino ngati achira. Sananame, anati tiona mmene magazi asinthire. Mawu akuti tiona ndinadana nawo kuyambira tsiku limenelo.

Masiku amene tinakhala kumeneko sindinawawerenge. Ndimakumbukira kuti pansi pa nyale ija mwana ankaoneka wotuwa ngati wapita kale, moti ndinkangomugwiragwira phazi kuti afunthe. Mchombo unagwera m'kabokosi momwemo, ndipo apongozi anautola n'kuumanga pa nsonga ya chitenje. Ndiye m'mawa wina ndikumuika kubere mwa chizolowezi, anagwira n'kukoka mpaka ndinakuwa ndi ululu. Ndinalira ngati mwana, amayi a pa mabedi oyandikana n'kumandiseka kuti enafe timalira mwana akakana bere, uyu akulira mwana akuyamwa.

Titabwerera kunyumba tinapeza mlamu wanga, mwana wotsiriza wa apongozi, atabwera kuchokera kumudzi kudzaona mlendo. Nayenso anali ndi pathupi pake poyamba, pooneka kale. Achemwali anangoima pakhomo pa golosale n'kukweza dzanja, ine n'kukweza langa, chifukwa kuwoloka msewu sakanatha.

Apongozi anakhala pakhonde, anandilanda mwana, n'kumutembenuzira ku dzuwa. Anamutsegula diso limodzi, kenaka linalo. Munali moyera. Anamwetulira, koyamba chichokereni pakhomo paja, n'kuitana mlamu wanga kuti adzaone.

"Waona? Ndinanena ine kuti zisuluka zokha," anatero. "Tinangovutitsa mwana ndi magetsi. Iwe ukangopewa zakumwa za pagolosale, wako sadzatuluka m'chikuta mchombo usanagwe."

Mlamu wanga anavomera ndi mutu, dzanja lili pamimba. Kumudzi kwawo galimoto sifika, ndipo nyumba ya apongozi ndinkaidziwa, chipinda chake chilibe zenera n'limodzi lomwe.