Mabotolo Atatu Opita ku Coventry

Ndinatseka chitseko cha nyumba yathu ku West Bromwich nthawi itangokwana 6 koloko m'mawa, kunja kudakali bii. Unali mwezi wa Novembala, ndipo kunkagwa kamvula ka kuno kamene sikamveka padenga koma kamakulowa mpaka m'masokosi. Mkazi wanga anali asanaweruke ku shifiti yake kunyumba yosamalirako okalamba. Ine ku England ndinachita kumutsatira iyeyo, ndipo popeza kwathu ndinali dalaivala, kunonso ndinapeza ntchito ya chiwongolero: kuperekera mowa m'makomo mwa anthu.

Pa thiramu, kasitima ka magetsi koyenda m'misewu ya m'tauni, ndinalipira mapaundi anayi ndi kanthu, tikiti yopita ndi kubwerera. Munali anthu a majekete a olenji opita ku mafakitale, aliyense maso pa foni. Anthu odzaza choncho, koma zii ngati pa siwa nyimbo isanayambe. Ndinatsikira m'tauni ya Birmingham n'kukwera basi ya ku Nechells.

Kuntchito kwathu ndi kashedi ka malata kokhala pakati pa garaja ya matayala ndi malo ochapirapo magalimoto. Mwini wake ndi mayi wina wachizungu dzina lake Helen, ndipo amatcheza mowa wotchedwa jini. Ndikati kutcheza ndikutanthauza kutcheza kumene. Mphika ulipo, paipi ilipo, madontho amagwa chimodzimodzi kachasu wa ku Zingwangwa, kungoti mphika wake ndi wa kopa wonyezimira ndipo pakhoma papachikidwa chiphaso cha khonsolo. Chiphaso chimenecho n'chimene chimamulola kutumiza mowa mwachindunji kwa wogula, osadzera m'sitolo kapena mu bala. Munthu amangodina pa foni ali pabedi, mawa lake ine ndagogoda.

Tikulongedza mabokosi m'vani, Helen ankadandaula za kasitomala wina wa ku America. Akuti kumeneko chigawo chilichonse chili ndi lamulo lakelake, kwina amalola wotcheza kutumiza botolo pakhomo pa munthu, kwina amakaniza. "Kuno tili ndi mwayi," anatero. Kenako anandibwerezera zimene amandiuza tsiku lililonse: ndisasiye bokosi pakhonde, wooneka wamng'ono ndimufunse chiphaso, mwana wosakwana zaka 18 ndisamupatse ngakhale atalira, ndipo woledzera kale ndimukanize. Ndikaphonya chimodzi, chiphaso cha pakhoma chija chapita.

Mabokosi analipo 26. Ndikusikana bokosi la nambala 17 ndi kachipangizo ka m'manja ka kuntchito, ndinaona dzina la kwathu: E. Chimbalanga, Coventry, mabotolo atatu. Ndinaima kaye. A Chimbalanga ndinkawadziwa. Kwathu anali mphunzitsi wa sekondale, ndipo nditangofika kumene kuno ndi iwo amene ankatsogolera nyimbo pa mapemphero a Amalawi. Nawonso anatsatira akazi awo. Anagwirako ntchito yonyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo zinthu mpaka msana unakana. Panali patatha chaka asakuoneka, ndipo tikafunsa tinkauzidwa kuti akuvutika ndi shuga.

Ndinanyamuka 8 koloko. Ku Erdington mayi wina analandira bokosi lake atavala chovala chogonera, ndudu kukamwa. Ku Solihull, kumene nyumba zake zili ndi mipanda ya maluwa yometedwa bwino kuposa mutu wanga, kunatuluka nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Kachipangizo kanga kamafuna chaka chobadwa cha wolandira, choncho ndinafunsa. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mnyamata iwe, ukuganiza kuti ndathawa kusukulu?"

"Lamulo, bwana."

"Lamulo lako n'labwino. Mkazi wanga anasiya kalekale kundiona ngati mwana."

Cha m'ma 10 koloko ndinaima m'mbali mwa msewu wa A45, pa kakalavani kogulitsa zakudya. Ndinagula banzi la nyama ya nkhumba ndi tiyi, mapaundi anayi ndi theka. Ku Birmingham banzi limeneli amati kobu, koma ukangoyandikira Coventry amati bachi, ndipo wogulitsayo anandikonza ngati ndatukwana. Ndinadyera m'galimoto, mawaipa akupita uku ndi uku, malole akundithira madzi.

Ndinafika pakhomo pa a Chimbalanga 12 koloko itangodutsa. Ndi nyumba za njerwa zofiira zolumikizana, khomo lililonse ndi mabini ake. Makatani anali otseka. Nditagogoda anatsegula mwana wawo wamkazi, Tadala, wa zaka 16, atavala yunifomu koma wopanda nsapato. Zinaonekeratu kuti kusukulu sanapite. Anayang'ana nkhope yanga, kenako bokosi, n'kutuluka panja ndi kukoka chitseko kumbuyo kwake.

"Uncle, please, give it to me," anatero chonong'ona. Ana a kuno amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi. Anapitiriza m'Chingerezi chomwecho kuti ndimupatse iyeyo, akakhuthulire m'sinki bambo ake asanatsike.

"Sindingathe, mwana wanga. Zaka zako sizinakwane."

"Sindimwa ine. Ndikufuna ndikataye."

"Ndikudziwa. Koma sindingathe."

Tili mkati molankhula, chitseko chinatseguka. Ndikanakumana nawo pamsewu sindikanawazindikira. Nkhope inali itatha, maso achikasu ngati yolika ya dzira, mimba yokha itatupa m'kati mwa juzi. Mapazi anali otupa moti masilipasi ankangokhala kunsonga. M'manja anali atagwira kale pasipoti, ndipo manjawo ankanjenjemera mpaka pasipotiyo inkachita kulira phephephe.

"Aa, a Kamwendo! Ndiye ndinu?" Anayesa kuseka. "Mulungu ndi wabwino, wanditumizira munthu wa kwathu. Chiphaso ndi ichi, achimwene. Sikanani."

"Muli bwanji, a Chimbalanga?"

"Muli bwanjiyo tikambirana mukandipatsa."

Sindinasunthe. Iwo anasendera pafupi n'kundiuzira mpweya kumaso. "Nunkhizani. Mwamva kanthu? Masiku awiri sindinalawe. Mayi ake a mwanayu anataya zonse Lamulungu. Wa sitolo ya pakonayo anakamupempha kuti asandigulitse, ndipo patali miyendoyi siifika. N'chifukwa chake ndinadina pa foni." "Usiku ndikumaona tizilombo pakhoma, achimwene. Botolo limodzi lokha. Awiriwo bwererani nawo."

Ankanena zoona, fungo la mowa panalibe. Mwa malamulo onse amene Helen anandiuza, panalibe limodzi londiletsa kuwapatsa. Munthu wamkulu, chiphaso chili m'manja, katundu analipira, sanaledzere. Kumbuyo kwawo Tadala ankangopukusa mutu, misozi ikutsika, pakamwa pakuti ayi popanda mawu.

Ndinakumbukira mayi wina wotcheza kachasu pafupi ndi kwathu ku Zingwangwa. Analibe chiphaso chilichonse, apolisi ankamuthamangitsa, koma ankadziwa akazi a makasitomala ake ndi maina. Munthu akafika maso atayamba chikasu ankamubweza ndi chikho cha thobwa. Ndinaganiza kuti nanenso ndichite chomwecho. Ndinatenga kachipangizo kaja n'kudina pamene pamati wolandira waledzera, katundu wabwezedwa. Kanalira kamodzi.

A Chimbalanga anaona zimene ndinadina. Sanakalipe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, pasipoti ikunjenjemerabe.

"Mwandinamizira, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Chaka chonsechi, lero ndi limodzi mwa masiku awiri okha amene sindinaledzere."

Ndinabwerera m'vani ndi bokosi lija. Pagalasi ndinaona Tadala akuwagwira mkono kuwalowetsa m'nyumba.

Kuchokera apo ndinalowera ku Bedworth ndi ku Nuneaton. Ndisabise, mtima unali m'malo. Ndinkadziona ngati munthu amene wachita chinthu cholungama, ndipo ndinkakonza kale mmene ndidzafotokozere mkazi wanga. Cha m'ma 2 koloko ndinagula tchipisi cha mapaundi atatu, chothira viniga wambiri monga amakondera kuno, n'kudya ndikumvera wailesi. Mabokosi otsala ndinapereka popanda vuto. Lina linali la mphatso ya ukwati, lina la bambo amene anandiuza kuti akusunga botololo mpaka Khirisimasi.

Foni inalira 3 koloko itadutsa, ndili pa mphambano yotulukira ku Nuneaton. Anali mayi a Tadala. Nambala yanga anaipeza pa gulu la mapemphero. Iwo amagwira ntchito yothandiza anamwino pa chipatala chachikulu cha ku Walsgrave.

"Achimwene, bambo a Tadala agwa. Ali kuno kuntchito kwanga. Mwana akuti munabwera."

Ndinatembenuza vani. Pa chipatalapo ndinazungulira kanayi kufuna poimika, chifukwa malowo ndi aakulu ngati tauni koma galimoto zimachita kudikirirana. Pofika m'kati kunja kunali kutayamba kale kuda. Ndinawapeza pa mipando ya m'khonde, mayiyo adakali mu yunifomu, baji ili pachifuwa, Tadala atakhala pambali pawo atavala nsapato za bambo ake.

Mayiyo anandifotokozera mwapang'onopang'ono, ngati akupereka lipoti la wodwala wa eni. Patatha maola awiri ine nditachoka, a Chimbalanga anayamba kuphupha ngati munthu wa khunyu ali pamwamba pa masitepe. Anagubuduka mpaka pansi n'kumenyetsa mutu. Tadala ndiye anaitana ambulansi. Magazi anali akutayikira m'kati mwa mutu, ndipo chifukwa chiwindi chinali chitawonongeka, sankaundana.

"Adokotala akuti munthu amene wamwa kwambiri nthawi yaitali sayenera kusiya kamodzin'kamodzi popanda mankhwala," anatero. "Thupi limagwedezeka. Ine ndimagwira ntchito muno, achimwene, nkhani zotere ndinazimvapo. Koma Lamulungu nditapeza mabotolo m'makina ochapira zovala, mutu sunagwire. Ndinataya ndine."

"Ine ndiye ndinawakaniza, mayi. Anandipempha limodzi lokha. Ndinanama kuti aledzera."

Anandiyang'ana, kenako anachotsa chikwama pa mpando wa pambali pawo. "Ndiye khalani pansi apa. Tadikira limodzi."

Ndinafunsa chifukwa chake sanatiuze ife a kumapemphero. Anaseka kuseka kopanda mano. "Ndikanati chiyani? Kuti aphunzitsi aja, otsogolera nyimbo aja? Mawa lake nkhani ikanafika kwa apongozi ku Thyolo. Shuga ndi matenda aulemu."

Kenako Tadala anandifunsa m'Chingerezi, osandiyang'ana, ngati bambo ake akanakhala bwino ndikanawapatsa botolo lija. Mayi ake anamugwira bondo. Mwanayo anaweramitsa mutu n'kulankhula Chichewa, koyamba ine kumumva, Chichewa chopindika cha ana a kuno: "Ndinakupemphani ndine kuti musawapatse, ankolo."

Anamwino anandilola kusuzumira pagalasi la chitseko. A Chimbalanga anali atagona chagada, paipi kukamwa, makina akuwapumira. Manja aja anali atasiya kunjenjemera.

Ndinanyamuka 5 koloko, chifukwa vani si yanga. Msewu wa M6 unali wothina, magetsi ofiira okhaokha kuyambira Coventry mpaka Birmingham. Ulendo wa theka la ola unanditengera ola ndi theka. Ndikaponda buleki, mabotolo atatu aja ankagundana kumbuyo.

Helen anali akundidikira pashedi. Ndinamuuza zonse, ndi za bodza langa lomwe. Anakhala pa kreti, manja kumaso. Patapita kanthawi anati iye anachita zonse zimene chiphaso chimafuna, ndipo ndinamuyankha kuti n'zoona. Anadzuka n'kupita pa kompyuta kuti aletse odayo, koma anapeza makina atasindikiza kale kapepala kena komata pabokosi. Katundu akabwezedwa, amamuikanso okha pa ulendo wa tsiku lotsatira. Kapepalako kanali ndi dzina la a Chimbalanga ndi deti la mawa lake. Anakang'amba pakati, n'kukang'ambanso.

Uthenga unandipeza pa thiramu, titangodutsa Handsworth. Unabwera pa gulu la mapemphero: a Chimbalanga atisiya, atadwala shuga kwa nthawi yaitali. Anthu anayamba kutumiza timanja topemphera. Ine sindinalembe kanthu. Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga akuvala kuti azipita ku shifiti, ndipo ndinangomuuza kuti msewu unali wothina. Zoona zake ndinamuuza patapita masiku atatu.

Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti lamulo limafunsa chaka chimene munthu anabadwa ndiponso ngati akudzandira, basi. Zotsalazo limasiyira amene waima pakhomo ndi bokosi m'manja, ndipo ameneyo si dokotala. Ndikanawapatsa, mwina akanafika Khirisimasi, mwina ayi. Ndikanadziwa, ndikanawakweza m'vani momwemo n'kupita nawo ku Walsgrave adakali pa miyendo yawo, ulendo wa mphindi khumi. Zimenezo sizinandibwerere m'mutu. Ndinali wotanganidwa ndi kukhala wolungama.